Boti la a Kefasi Linayamba Lamira

Mukatsika minibasi pa Kamwendo n'kufunsa za a Kefasi Sakala, anthu amayamba akanda m'mutu, pakuti a Sakala kuno ndi osawerengeka. Koma mukangoti a Kaputeni, anyamata a kabaza amakulimbiranani. Dzinali linayamba ngati chipongwe, eni ake n'kulitola, kulisasa fumbi, ndipo mpaka lero amavomera nalo akumwetulira. Kaputeni wa ku Mchinji, munthu woti chibadwire nyanja sanaionepo. Ife kuno madzi amene timawadziwa ndi a pamjigo, a m'zitsime za kudimba, ndi a mvula ya Febuluwale imene imatitsekera m'midzi mwathu.

A Kefasi anabadwira kwa Mlonyeni. Sukulu anailekezera Sitandade 8, osati chifukwa cha umbuli, koma bambo awo ankaona kuti mwana wodziwa kulemba dzina lake ndi kusoka fodya wamaliza zonse zofunika pa moyo. Ukalipentala anakauphunzira ku Guilleme kwa mkulu wina wa pamishoni, wouma pakamwa, amene chiphunzitso chake chachikulu chinali chimodzi chokha: mdani wa thabwa ndi madzi. Thabwa likanyowa limapindika, chitseko chikamwa mvula chimakana kutseka, mpando ukagona pamame umayamba kulira m'miyendo. A Kefasi mawuwa anawameza osatafuna. Mvula ikayamba kudontha iwo ankathamangira kukafunditsa matabwa, chimanga choyanika pamphasa n'kumanyowa. Mu shedi ya mkuluyo munali kalendala yakalekale yokhala ndi chithunzi cha sitima ya pamadzi. A Kefasi, nthawiyo akadali mnyamata, ankati mkono ukatopa ndi puleni n'kumaiyang'ana, kudabwa kuti chinthu chachikulu chotere chimakhala bwanji pamwamba pa madzi pomwe msomali umodzi wokha umamira.

Atadziwa ntchito anakalowa chikamwini kwa Msekeni, tsidya la kamtsinje ka Kasekese, kumene anakwatira Stelia, mwana wa a Nachisale. A Nachisalewo anali mayi wamfupi, wochepa thupi, koma pakamwa pawo panali pa anthu atatu. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana, sakhala mphasa imodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Choncho zonse zimene a Nachisale ankafuna kuti a Kefasi amve zinkadzera mwa Stelia, ngakhale a Kefasiwo ali pomwepo kuseri kwa nkhokwe akumva okha.

"Ukawauze amuna akowo kuti utuchi wawo ukulowa m'mphale yanga."

Stelia ankatembenuka n'kubwereza mawu omwewo atawachotsako minga. A Kefasi sankadandaula. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo kunena zoona apongozi awowo ankawakonda, poti mayi amene amakulalatira masana n'kukutumizira chipere cha nyemba dzuwa lisanalowe sakuda ayi.

M'chilimwe Kasekese ndi mtsinje wa dzina lokha. Ana amaulumpha, mbuzi zimauwoloka osanyowa mawondo, ndipo madzi amatsala padziwe limodzi pansi pa mikuyu, pamene amayi amatunga othirira kudimba. Koma mvula ikakhazikika, dambo lonse limasanduka thawale lofiira, lotambalala moti munthu wamkulu woima tsidya lina umamuona ngati mwana. Msika, chigayo, sukulu ndi chipatala cha ku Guilleme, zonsezi zili tsidya linalo. Ngolo imafika m'mphepete n'kubwerera. Anthu a kwa Msekeni anazolowera kudikira, ankangoti madzi aphwa, poti chaka chatha anaphwanso.

Zaka za matipate zitayamba, ntchito ya a Kefasi inasintha iwo osafuna. Poyamba anali munthu wa zitseko, mafelemu a mawindo ndi mipando ya ndalema. Kenaka kunabwera matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina, ndipo ofika pashedi pawo sanalinso akwati ofuna bedi, koma amuna awiriawiri oyenda atazolika mitu, mmodzi atanyamula bango. Bangolo ndiye unali muyeso wa womwalirayo. A Kefasi ankalilandira, kuligoneka pathabwa la paini, kulemba ndi pensulo n'kuyamba kucheka. Mabokosi awo anali aukhondo ndipo palibe anawadandaulapo, koma mtima wawo unkalema. Ena mwa mabangowo anali a anzawo osewera nawo bawo.

Limene linawapweteka kwambiri linali la Maliko, mnansi wawo woimba besi mu kwaya, amene sanafe n'komwe ndi matenda aja. Anadwala malungo aakulu Kasekese atadzaza. Anthu anamunyamula pamachira mpaka m'mphepete mwa madzi n'kukhala naye pamenepo, akuyang'ana njira ya kuchipatala ikukwera tsidya lina. Pokhoma bokosi lake a Kefasi anangoima, hamala ili m'manja. Matabwa omwewa, misomali yomweyi, akanazilumikiza mwamtundu wina, Maliko akanawoloka. Kuyambira tsikulo mumtima mwawo munakhala chinthu chimodzi: asanalowe okha m'bokosi, apange boti lowolotsa munthu wamoyo pa Kasekese.

Koma boti amaphunzira kuti? Safunsa anadya phula, ndipo a Kefasi anafunsa mpaka kutopetsa anthu. Woyamba anali mphunzitsi wina wa kusekondale amene anabwera kudzakonzetsa shelefu. Iyeyo anawauza kuti ku Monkey Bay kuli sukulu ya za sitima, koma kumafunika munthu woti Fomu 4 anakhoza bwino masamu ndi sayansi, komanso kumeneko nkhani yaikulu ndi kuyendetsa sitima ndi kusamala injini zake. Anthu ojambula sitima papepala isanapangidwe, owerengetsa kuti ilemera bwanji ndipo madzi aifika pati, amenewo amakaphunzira ku mayunivesite a kunja zaka zingapo, ena amachita maphunziro a pakalata ali kwawo. A Kefasi anamvetsera atasiya ntchito, pensulo ili pakhutu. Sizinawakhumudwitse kuti kumeneko iwo sangafikeko. Chinawakomera n'chakuti padziko pano pali anthu olembedwa ntchito yoganiza zimene iwo ankaganiza popanda wowatuma.

Achiwiri anali amalonda a nsomba zouma a pa Kamwendo. Tsiku la msika a Kefasi ankagula kamulu kamodzi ka usipa n'kukhazikika pamenepo ngati agula dengu lonse. Mmodzi anawauza za ku Mpwepwe, ku Mangochi, kumene anati amapanga maboti a matabwa n'kuphunzitsanso anthu. Wina anati zonsezo n'zozungulira, njira yachidule ndi kupita kunyanja, kupeza mmisiri wa maboti, kumugwirira matabwa zaka ziwiri kapena zitatu mpaka manja adziwe okha. Njira imeneyi inawalowa a Kefasi mumtima, mpaka analimba mtima kuitchula kunyumba.

Stelia anawamvetsera mpaka kumapeto akuswa mtedza pakhonde.

"Zaka zitatu, bambo a Anasi? Munda alime ndani? Nanga a mabango akamabwera ndiziwauza kuti maliro adikire?"

"Ndimangonena chabe, mayi a Anasi."

"Neneranitu pompano. Ngati mukufuna boti, pangirani pano tizikuonani."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kachifuwa, kenaka mawu a Nachisale.

"Uwauze kuti akamapita kunyanjako atenge ndi utuchi wawo womwe."

Nkhani ya ulendo inathera pamenepo, ndipo a Kefasi sanasunge mangawa. Sukulu yawo inakhala beseni lochapira la Stelia. Zidutswa za paini zotsala ku mabokosi ankazisema timaboti, kutiika m'madzi n'kumatikweza timiyala. Kopapatiza kankagubuduka msanga. Kakuya ngati bokosi kankapendama mwala ukangosuntha pang'ono. Kapansi pathyathyathya, kotambalala pamimba, kosongoka kutsogolo, kankanyamula miyala yambiri osagwedezeka. Anaona kuti katundu akakhala m'munsi kaboti kamadekha, akamuunjika m'mwamba kamapenga. Amalonda a nsomba aja ankawajambulira pansi ndi chala mmene nthiti za boti zimakhalira, n'kuwauzanso kuti m'mipata ya matabwa amatsekamo thonje ndi phula. Zimenezi zinatenga zaka, ndipo anali masiku okoma. Anasi, mwana wawo woyamba, anakula akudziwa kuti asanachape ayambe wabwereka beseni kwa abambo ake.

M'chaka cha 2000, fodya atapita ku okushoni, a Kefasi anatulutsa matabwa a mlombwa amene ankawasunga kudenga ngati mbewu. Anaimika nthiti pabwalo n'kuyamba kukhoma, chinthucho atachigoneka chafufumimba. Apa ndi pamene anaiwala kuti iwo ndi ndani pamudzipo. Kwathu bokosi sapangiratu munthu asanafe, kutero n'kuitana maliro. Tsono odutsa ankaona chinthu chachitali cha matabwa pabwalo la wopanga mabokosi, popanda bango limene labwera, pomwe a Nachisale anali atagona sabata yathunthu ndi chifuwa. Manong'onong'o sanachedwe kufika kwa odwalawo. Anadzuka, anafunda chitenje kumutu, n'kudzakhala pamphasa atafulatira bwalo.

"Stelia, uwafunse amuna ako. Anandiyeza liti? Bango langa anawapatsa ndani?"

"Amayi, limenelo ndi boti."

"Boti la kuti? Ine mabokosi ndawaona ambiri. Ili angoliwonjezera mlomo kuti ndisalizindikire. Uwauze kuti chaka chino sindikufa, ndili ndi mtedza wosaswa. Ndipo ngati n'langa, mlombwa wotere akuwonongeranji?"

A Kefasi anafuna kuseka, komabe zinawabaya. Iwo amene ankathawa mabokosi, lero boti lawo loyamba lasanduka bokosi m'maso mwa anthu. Pofuna mtendere anapempha anzawo kuti awathandize kulilowetsa m'chigafa, poti fodya munalibe, ndipo analimalizira mmenemo. Anatseka mipata ndi thonje, anapaka phula, anaika mipando iwiri yopingasa. Kenaka anachita zimene mmisiri aliyense wophunzitsidwa bwino wa kuno akanachita: analiteteza ku madzi. Ngakhale mame sanaligwere. Dzuwa la Okutobala litafika ankalikokera panja masana kuti liume bwinobwino lisanakumane ndi mdani wake, ndipo ankaligogoda n'kumakondwera kumva mmene likulirira ngati ng'oma.

Tsiku loliyesa padziwe mudzi wonse unatsatira ngolo imene inalinyamula. Anthu anali asanaonepo boti, ena ananyamula ndi timipando. A Kefasi anavala malaya a kutchalitchi. Analikankhira m'madzi, linayandama, iwo n'kukwera atagwira nsungwi yaitali. Kwa kanthawi kochepa anali munthu wokondwa kuposa aliyense mu Mchinji monse. Kenaka anamva kuzizira kuzala za kumapazi. Madzi ankalowa mumpata uliwonse ngati akudutsa m'sefa, kuchokera m'munsi, m'mbali, ngakhale pamene anapaka phula lambiri. Anayesa kutseka ndi phazi, kwina n'kumalowabe. Boti linatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka linakhala pamatope, kutsala mlomo wokha pamwamba. A Kefasi anaima momwemo madzi ali m'chiuno, nsungwi ili m'manja.

"A Kaputeni," anatero wina kumtunda, "ya ku Guilleme inyamuka nthawi yanji?"

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo dzina linabadwa pomwepo. Mmodzi yekha amene sanaseke anali a Nachisale, amene anali atakhala patali atayang'ana kumbali.

"Uwauze atuluke m'madzimo, angatenge chibayo."

Botilo analisiya pomwe linamirirapo. Analibe mtima wolivuula, ndipo njira ya kudziwe anasiya kudzera. Beseni analibweza kwa mwini wake. Anabwerera ku zitseko ndi mabango, akugwira ntchito bwinobwino ngati kale, koma osaimba muluzu. Stelia zinamumvetsa chisoni kwambiri, moti tsiku lina anadzaza beseni dala n'kulisiya pafupi ndi shedi, koma munamwa nkhuku zokha.

Patapita masabata angapo, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, kunafika mlendo wofuna chitseko. Anali Cyprian, tenanti wa pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi kwa Msekeni, wochokera ku Nkhotakota, munthu wamtali wosekaseka. Ali chikhalire pabenchi anamva mayi wina wodutsa akupereka moni kwa a Kaputeni.

"Amisiri, ukaputeniwu munautenga kuti kuno kumtunda?"

A Kefasi anamufotokozera mwachidule, maso ali pathabwa.

"Linalowa madzi paliponse. Basi, sindinaphunzire, ndiye n'zimenezo."

"Musanakwere munalimwetsa?"

"Kumwetsa chiyani?"

"Botilo. Munaliviika?"

"Thabwa? Ndinaliumitsa bwinobwino. Ngakhale dontho limodzi silinaligwere."

Cyprian anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Pepani bambo, sindikuseka inu. Kwathu boti la matabwa likakhalitsa pamtunda timalimiza dala, timaikamo miyala kuti ligone m'madzi. Thabwa likamwa limatupa, mipata n'kutsekeka yokha. Chitseko chija chimakana kutseka m'dzinja, mumati chatani?"

"Chatupa."

"Eya. Chimene inu mumadana nacho pachitseko ndi chimene boti limafuna. Inuyo munalipha ndi ludzu. Pano lili kuti?"

"Pomwe linamirira."

"Ndiye lakhutatu. Chitseko chidikire, tiyeni."

Anapita awiriwo masana omwewo, atatenga ndowa ndi chingwe. Analikokera posaya, anachotsa matope ndi achule amene anali atakhazikikamo kale, n'kukapa madzi onse. Kenaka anakhala pamthunzi wa mkuyu kudikira. A Kefasi ankadzuka pafupipafupi kukasuzumira, kupapasa mipata ndi chala, kubwerera, kudzukanso. Madzi sanalowe. Matabwa anali atalumana moti ngakhale mpeni sukanalowa pakati pake. Anakwera, Cyprian naye anakwera, analumphalumpha mmenemo anthu akuluakulu awiri, boti lili phee pamwamba pa madzi. A Kefasi anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chimene sukulu ya beseni sikanawaphunzitsa n'chakuti timaboti tawo tija tinali tosema pathabwa limodzi, tinalibe mipata.

Cyprian analiyang'ana botilo mbali zonse n'kunena kuti kwawo akanaliseka chifukwa cha kunenepa, koma pa madzi a dambo palibe lina loposa limenelo. Lamulungu lililonse ankabwera kudzawaphunzitsa kukankha ndi nsungwi, kuima kumbuyo, ndi kudula madzi oyenda chopendekera m'malo molimbana nawo. Koma anthu a kwa Msekeni anakana kukwera. Ankaima kumtunda n'kumati lamira kamodzi lidzamiranso, komanso n'lopangidwa ndi manja a mabokosi. A Kefasi sanakakamize munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe mumtima ankadziwa kuti kuzungulira padziwe si kuwoloka, ndipo chimene analonjeza pabokosi la Maliko chinali chisanachitike.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ngati yatumidwa. Pofika Febuluwale Kasekese anali atameza madimba onse. Ndi m'masiku omwewo chifuwa cha a Nachisale chinabwerera, ulendo uno chili ndi chibayo. M'mawa wina anadzuka akupuma modukizadukiza, thupi lili moto, pakamwa paja patachepa mawu. Anawanyamula pamachira mpaka m'mphepete mwa madzi, pamalo omwe aja anakhala Maliko, ndipo abale anaima mozungulira akuyang'ana tsidya. A Kefasi anaima patali monga mwa mwambo, chingwe cha boti chili m'manja. Ankachita mantha.

Stelia anagwada pafupi ndi mayi ake.

"Amayi, boti lilipo."

"Bokosi lija?"

"Ndi boti, amayi. Limayandama, ndinaliona ndekha."

A Nachisale anapuma kaye, kenaka anatsegula maso.

"Mabokosi a amuna ako ndawaperekeza ambiri. Palibe limene linabweza munthu. Uwafunse ngati ili limabweza."

Stelia anatembenuka, koma a Kefasi anali atamva kale.

"Muwauze amayi kuti ili ndinalipanga lopita ndi kubwera."

A Nachisale anayang'ana botilo.

"Chabwino. Koma sindigona. Ndikhala tsonga, anthu angayambe kulira."

Panabuka vuto lina limene ku sukulu zonse zija mwina saphunzitsa: mkamwini ndi apongozi akhala bwanji m'chinthu chaching'ono chotere? Amayi achikulire anakambirana msangamsanga n'kugamula kuti a Nachisale akhale pampando wakutsogolo atafulatira, Stelia pakati atawagwira m'chiuno, a Kefasi kumbuyo kwenikweni. A Kefasi anaona kuti kakhalidwe kameneka n'komwenso boti limafuna kuti lisapendame. Anazika nsungwi n'kukankha.

M'mbali madzi anali odekha, boti linkadutsa pamwamba pa madimba a anthu, nsonga za nzimbe zikulikanda kunsi. Pakati, pamene pali mtsinje weniweni, madzi analigwira mlomo n'kuyamba kulitembenuza. Nsungwi inalowa pafupifupi yonse isanapeze pansi. A Kefasi anakumbukira mawu a Cyprian, analola madzi awatengeko pang'ono, n'kumadula chopendekera. Maso awo ankangobwerera ku mipata ya matabwa, koma pansi pa boti panali pouma, kupatula madontho ochokera kunsungwi.

"Uwauze asandithire madzi kumsana," anatero a Nachisale ndi mawu otsika.

A Kefasi atamva zimenezo mtima unakhala pansi, poti munthu wotha kudandaula ndiye kuti akadalimo. Posakhalitsa mlomo wa boti unakhudza udzu wa tsidya lina. Anthu a kumeneko, amene ankaonerera atagwira pakamwa, anathamanga ndi ngolo n'kuwatenga odwalawo ulendo wa ku Guilleme, Stelia ali pambali.

Tsiku lomwelo lisanathe, mayi wina anafika ndi thumba la chimanga n'kufunsa mwamanyazi ngati a Kaputeni angamufikitse kuchigayo. M'mawa mwake kunabwera ana a sukulu atanyamula nsapato m'manja. Kuyambira pamenepo dzinja lililonse botilo linkagwira ntchito, kunyamula odwala, azimayi oyembekezera, mbuzi zomanga miyendo, ngakhale mkwati wina ndi diresi lake. M'chilimwe a Kefasi ankalisunga padziwe lili ndi madzi m'mimba, ndipo wowafunsa chifukwa chake ankamuyankha monyadira ngati nzeruyo anabadwa nayo. Mabango sanasiye kubwera, iwo sanasiye kuwalandira, koma muluzu unabwerera pashedi. Kunyanja sanapitebe, ndipo amati alibe nako changu.

Koma ulendo umene iwo amaukumbuka kwambiri ndi wa tsiku limene a Nachisale anatuluka m'chipatala. Masana aliwonse a Kefasi ankawolokera tsidya lija n'kukhala m'boti kuyang'ana njira, osadziwa ngati kubwere munthu kapena uthenga. Tsiku lina dzuwa lili pamutu anaona anthu awiri akutsika pang'onopang'ono, Stelia atasenza kamtolo, pambali pake kamayi kowonda kakuyenda ndi ndodo koma kakuloza uku ndi uku, kusonyeza kuti pakamwa pachira. A Kefasi anayang'ana kumbali kuti apongozi akwere. Anakhala monga poyamba, wina atafulatira, wina pakati, wina kumbuyo.

Madzi anali atayamba kuphwa ndipo boti linkayenda mosavuta. Atafika pakati a Nachisale anagogoda thabwa la m'mbali ndi ndodo yawo, ngati munthu woyesa dzungu pamsika.

"Uwauze amuna ako..."

Stelia anayamba kutembenuka.

"Iyayi, siya. Amva okha."

Sanacheuke. Anakhalabe chofulatira, maso ali kwa Msekeni kumene anthu anali atayamba kale kusonkhana m'mphepete. Koma chikwatire a Kefasi pamudzipo, aka kanali koyamba kuti mawu a mayiwa abwere kwa iwo osadzera mwa munthu.

"A Sakala, bango langa likadzabwera, mudzandipangire la paini. Mlombwa muzisungira amoyo."

A Kefasi anazika nsungwi n'kukankha, boti n'kulunjika kumudzi.